Nsanamira za Chigafa cha Atsibweni

Ndinakwatiwa m'zaka zimene fodya anali atangolowa kumene m'mitima ya anthu kwathu, nkhondo yachiwiri ya Azungu isanayambe. Mudzi wathu unali kumadzulo kwa Nsaru, m'mphepete mwa dambo. Kale tinkangolima chimanga, mtedza ndi maungu, koma misika ya fodya itatsegulidwa mwamuna aliyense ankagona akulota nsalu zatsopano ndi makasu a kusitolo. Pa onsewo panalibe wolota kuposa atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba yathu. Anali munthu wamfupi, waukhondo, wa mawu ofatsa. Sindikumbukira tsiku limene ndinawamva akukalipa. Choipa chilichonse chimene anandichitira anachinena motsitsa mawu, ngati munthu amene akukufunsa mmene wagonera.

Amuna anga anachokera cha ku Nambuma. Monga mwa mwambo wathu, anabwera kudzakhala kwathu pa chikamwini, ndipo asanapatsidwe munda wawowawo ankayenera kugwirira ntchito akuchikazi. Anali aatali, amphamvu, okonda kuimba polima, komanso okonda kutamidwa. Mukangowauza kuti chipika ichi palibe angachisenze, basi ankachisenza ngakhale mitsempha ya m'khosi itatumba. Atsibweni anaona khalidwe limeneli msanga. Anawalonjeza kuti fodya wa chaka chimenecho akagulitsidwa adzawadulira munda wa kumtunda, wa katondo, ndipo amuna anga ankapita kukauyendera madzulo ngati kuti ndi wawo kale.

M'chilimwe cha chaka chimenecho atsibweni anayenda ulendo wa ku Namitete, ndipo anabwerako ataona zigafa za pa esiteti ina, munda waukulu wa fodya. Ankangokamba za kutalika kwake. Anati chigafa chathu chakale, chachifupi, chopachika fodya mizere iwiri, ndi cha anthu osauka maganizo. Ankafuna chachitali choti fodya azipachikidwa mizere itatu, wina pamwamba pa mnzake, ndipo womanga anali amuna anga. Iwo anali asanamangepo chinthu chachikulu kuposa khola la nkhuku, chifukwa kwawo ntchito yotere ankagwira ndi akulu awo. Koma sananene. Anangoti, "Chimenecho n'chaching'ono, atsibweni. Muona."

Mitengo yabwino inali itatha kale pafupi ndi mudzi. Muwanga, umene chiswe chimauopa, unatsala kutali kunkhalango, ulendo wokagona konko. Atsibweni anati nthawi yotero palibe, mvula ili pafupi, ndipo analoza thengo la kuseri kwa dambo kumene kunali mombo ndi misuku yophukira pa zitsa. Mitengo yophukira imakhala yaitali koma yoonda, ndipo amuna anga anasankha yaitali kwambiri chifukwa ndi imene mwini ntchito ankafuna. Anaidula yaiwisi, naidzika ndi makungwa ake omwe. Malo anasankha ndi atsibweni, kumunsi kwa mudzi pafupi ndi chulu chakale, poti azitha kuona chigafa ali pakhonde pawo. Nthaka inali youma gwa. Ine ndinkatunga madzi kudzathira m'maenje kuti afewe, koma ngakhale choncho amuna anga ankangokumba mpaka polekeza chigongono, n'kuimika nsanamira, n'kupondaponda dothi ndi chidendene. Pamwamba pa nsanamira iliyonse panali mphanda, ndipo m'mphandamo anagoneka mitanda, n'kumanga ndi luzi. Mmwenye wa sitolo ku Nsaru ankagulitsa misomali ndi waya, koma atsibweni anati luzi la mombo linamanga nyumba za makolo athu, silingalephere lero.

Chigafa chitatha chinali chokongola, sindinganame. Chinkaoneka kuchokera kunjira ya ku Kabudula. Anthu odutsa ankaima n'kufunsa amene wamanga, ndipo amuna anga ankatuluka m'nyumba kuti awaone. Anachifolera ndi udzu wochindikala, n'kuchitchinga m'mbali ndi udzu womwewo, chifukwa fodya wathu anali wofukiza. Pansi pake anakumba timaenje tamoto, momwe tinkadzaika zipika zaziwisi kuti zizifuka utsi osayaka.

Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Madzi ochokera kumtunda kwa mudzi onse ankatsikira kuchulu kuja n'kuima pansi pa chigafa. Pamene tinkayamba kuthyola fodya ndinali ndi pathupi pooneka, ndiye ntchito yanga inali yokhala pansi, kusoka masamba pa mikangala, timitengo topachikira. Munthu wokhala pansi amaona zimene oimirira saziona. Ndinaona kuti chiswe chamata dothi m'tsinde mwa nsanamira zingapo n'kukwera nalo. Ndinaona kaufa koyera kakugwa kuchokera m'makungwa, kakuunjikana pansi ngati wina wataya gaga. Kenako mzere wachiwiri utadzaza, ndinaona kuti nsanamira ina yapakati, cha kukhomo, siinalinso yowongoka. Inali itatulutsa mimba mbali imodzi, ngati uta umene mwini wake wayamba kukoka.

Ndinawauza amuna anga. Iwo anapita kukaiyang'ana, anaigwedeza, n'kukawauza atsibweni. Atsibweni anabwera, anaiyang'ana kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo anati mtengo wauwisi umatero ukamauma, angoumangirira kamtengo kena m'mbali. Kenako anandiyang'ana ine n'kufunsa mofatsa ngati mikangala yanga yonse inali itatha kusokedwa, popeza ndinali ndi nthawi yoyang'ana mitengo.

Kunabwera mvumbi wa masiku angapo. Udzu wa padenga unamwa madzi n'kulemera, ndipo fodya wopachikidwa kale sankauma. Mvumbi utangokata, atsibweni analamula kuti masamba onse otsala kumunda athyoledwe asanachite mawanga. Anali masamba akuluakulu, okhuthala, odzaza madzi. Amene sanasenzepo fodya wamuwisi sangadziwe kulemera kwake. Mikangala yonseyo inakwezedwa pa mzere wachitatu, ndipo popeza makwerero anali mbali ya kukhomo, ambiri anaiunjika mbali imeneyo, pamwamba penipeni pa nsanamira yopindika ija.

Unali mmawa, dzuwa litangotentha pang'ono. Tonse tinamva kulira kwa mtengo, kulira kwapansipansi ngati chitseko cha bango chikukhuzidwa pansi. Anyamata amene ankapachika fodya pamwamba anatsika msanga n'kutuluka. Atsibweni analowa, anayang'ana, n'kuitana amuna anga.

"Akamwini, taikani phewa pansi pa mtanda uwu. Inu nokha ndi amene mungaugwire. Ine ndikadule mtengo wochirikiza."

Amuna anga anakwera pa chipika kuti afike, naika phewa pansi pa mtanda wa mzere woyamba, pafupi ndi nsanamira ija. Ndinawauza kuti atsike, ayambe atsitsa fodya wapamwamba. Anandiseka. Anati ndisawachititse manyazi pamaso pa anyamata, ndipo ndituluke mu utsi ndi mimba yangayo. Ndinatuluka n'kuima pakhomo.

Atsibweni sanathamange. Anayenda monga ankayendera masiku onse, anakatenga nkhwangwa kunyumba kwawo, anaiyesa ndi chala, n'kukhala pansi pa mwala wonolera. Ndinkawaona kuchokera pamene ndinaima. Mkati amuna anga anayamba kuimba nyimbo yawo yakumunda kuti anyamata amve kuti sakuvutika. Anaimba pang'ono, kenako analeka. Ndinasuzumira n'kuona miyendo yawo ikunjenjemera pa chipika paja. Anandiyang'ana, natsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu.

Nsanamira inathyoka pakati ndi phokoso ngati la mfuti. Katundu amene inasenza anagwera pa zinzake zapafupi, nazonso zinathyoka, ina pambuyo pa inzake, mpaka kumapeto. Denga lonse linatsika n'kukhala pansi. Mphepo yake inandikankha ndipo ndinagwa chagada m'matope.

Nditadzuka, anthu anali akuthamangira kumeneko. Utsi unkatuluka m'udzu. Amuna anga ankamveka akubuula mkati, cha kukhomo komweko. Anthu anang'amba udzu wa denga, ndipo pansi pake panali mikangala ya fodya yokhayokha, itapanikizana ndi mitanda. Atsibweni anafika ndi nkhwangwa yawo yonoledwa bwino ndipo anati choyamba ndi kuchotsa fodya, chifukwa munthuyo sitingamufike fodya ali pamwamba pake. Zimenezo zinali zoona. Koma ine nditayamba kusolola mikangala n'kumaiponya kumbuyo, atsibweni anandigwira pamkono.

"Iwe mwana, masamba akang'ambika sagulika. Uzinyamula umodziumodzi, ukagoneke pamthunzi apo."

Ndipo anthu anachitadi zimenezo. Ankanyamula mkangala umodzi, n'kuyenda nawo mpaka pansi pa mtengo wa mkuyu, n'kuugoneka bwinobwino, n'kubwerera kudzatenga wina. Abale anga enieni, anthu amene ankadya nyama imene amuna anga ankabwera nayo kuuzimba. Palibe amene ankafuna kuti atsibweni amuone akung'amba tsamba. Amayi anga anaima patali atafunda nsalu kumutu. Ndinawaitana kuti adzandithandize kukweza mtanda, koma anati mpongozi sayandikira mkamwini wake, mwambo sulola.

Titachotsa fodya wa mbali ija ndinaona miyendo ya amuna anga. Anagona chafufumimba, mtanda uli pamsana pawo, cha m'chiuno. Phazi lawo lina linali m'kadzenje kamoto, pa makala. Fungo lake ndimalikumbukirabe. Ndinakoka phazilo n'kukankha makala ndi manja, ndikulira, ndikuwapepesa kuti tachedwa. Iwo anatembenuza nkhope kuchoka m'dothi n'kundifunsa chimene ndinkalirira kumapaziko, popeza ululu unali kumsana. Sankamva kuti phazi lawo lapsa.

Tinawanyamula pa mphasa kupita nawo kunyumba. Kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi munalibe moyo. Sing'anga anabwera, anatema mphini msana wonse n'kupaka mankhwala akuda, koma miyendo inangokhala ngati ya munthu wina. Mmwenye wa ku Nsaru uja atamva, anatuma wantchito wake kudzanena kuti galimoto yobweretsa katundu wa m'sitolo ikubwera, ndipo wodwalayo akhoza kukwera ulere mpaka kuchipatala cha mishoni, ngati tingamufikitse kumsewu. Atsibweni anathokoza mwaulemu kwambiri, koma anati anyamata onse ali pa ntchito yoimika chigafa chongoyembekezera kuti fodya wopulumuka asaole, ndipo onyamula machira apezeka ntchito ikatha. Ntchito itatha, galimoto inali itapita. Pamene tinakafika kumishoni ndi machira, patapita nthawi, asisitere anatsuka phazi lija n'kudula zala zimene zinali zitaola, koma za msana anangopukusa mitu. Tinabwerera nawo.

Nkhuni zinkandivuta chifukwa mimba inali itakula, ndipo atsibweni anati ndikhoza kumatola zidutswa za chigafa chakugwa. Ndinkazikoka n'kuziunjika pakhonde pamene amuna anga ankagona. Tsiku lina anandiletsa kuika chidutswa pamoto, anati ndiwapatse. Kuyambira pamenepo chidutswa chilichonse chinkayamba chadutsa m'manja mwawo. Ankachitembenuza, kuchikanda ndi chikhadabo, kuchinunkhiza. Sankalankhula ndi munthu wina aliyense, koma za mitengoyo ankalankhula, osati kwenikweni kwa ine, koma ngati munthu wodzifunsa yekha.

Anapeza kuti nsanamira zija sizinafe imfa imodzi. Ija yoyamba inali yamoyo mkati, yopanda chiswe. Inathyoka chifukwa inali yaitali, yoonda, ndipo kuchokera pa mzere woyamba mpaka pamwamba panalibe choigwira m'mbali. Mtengo wotero ukaulemetsa pamutu suphwanyika, umathawira mbali, ndipo ukangoyamba kupindika katundu yemweyo amaupinda moonjeza mpaka kuthyoka. Ina inaduka pansi penipeni, polekeza dothi, pamene chiswe chinadya mkati n'kusiya khungwa lokha. Chala chinkalowa ngati mu dzungu loola. Ina inang'ambika pa mphanda, chifukwa mtanda sunakhale pakati koma unatsamira nthambi imodzi, n'kuikankha mpaka mtengo unagawika kutsika m'munsi. Ina sinathyoke n'komwe. Inangomira m'matope n'kupendama, chifukwa dzenje linali losaya ndipo pansi pake panalibe cholimba, ndipo itamira, katundu wake anasamukira kwa zinzake. Amuna anga ankagwira chidutswa chilichonse nthawi yaitali, kenako n'kundiponyera kuti ndiphikire.

Fodya wopulumuka anagulitsidwa bwino. Zitatero atsibweni anaitana ankhoswe, ndipo akulu awo a amuna anga anabwera kuchokera ku Nambuma. Mlandu unakambidwa pabwalo, amuna anga ali gone pa mphasa pakati pa anthu. Atsibweni analankhula modekha. Anati iwo sakusunga chakukhosi ngakhale kuti mkamwini anamanga chigafa chosalimba n'kuonongetsa fodya wambiri, ndipo sadzapempha kanthu kwa akuchimuna. Anati chimene chikuwadetsa nkhawa ndi mwana wa mlongo wawo, amene sangakhale ndi mwamuna woti azimutembenuza ngati khanda. Za munda wa katondo uja anati munda umafuna khasu, ndipo khasu limafuna munthu woimirira. Amuna anga anayesa kunena kuti mitengo ndi malo anasankha ndi atsibweni. Atsibweni anangowafunsa, "Kodi nkhwangwa inali m'manja mwa ndani podula mitengoyo?" Anthu anang'ung'udza movomereza. Akulu awo a amuna anga anayang'ana pansi. Anati akakonza malo kwawo ndipo adzabwera kudzawatenga.

M'mudzi anali atayamba kale kuwatopera. Ana ankasewera masewera atsopano, wina n'kugona pansi n'kumadzikoka ndi zigongono, anzake akuseka, ndipo amayi awo ankangowaletsa ndi pakamwa akusekanso. Amuna amene kale ankabwera kudzamwa nawo mowa ankazungulira kuseri kwa nyumba kuti asapereke moni. Ine ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, ndi kuchapa mphasa kudambo madzulo anthu atachokako.

Tsiku lowatenga anasankha ndi atsibweni. Ndinali m'chikuta, nditangobereka mwana wamkazi, ndipo mwambo sunkalola kuti ndituluke kapena kuti mwamuna alowe mchombo wa mwana usanagwe. Ndinamva mawu achilendo panja, kenako mawu a amuna anga akupempha kuti awadutsitse pafupi ndi khomo, angomva kulira kwa mwana. Amayi anga anayankha ali kuseri kwa nkhokwe kuti zimenezo zingadwalitse khanda. Ndinafuna kudzuka, koma azamba anakhala pakhomo n'kutambasula miyendo. Ndinamva mapazi a onyamula machira akupita mpaka anazilala.

Nditatuluka m'chikuta ndinauza amayi kuti ndikupita ku Nambuma. Anati ndikapita ndisadzabwere kudzapempha chimanga. Atsibweni sanandiletse. Anangoti njira ndi yaitali kwa munthu wongobereka kumene, ndipo ndikakatopa nazo ndidzapeza khomo lili lotsegula. Ndinabereka mwana kumbuyo, ndinasenza mtanga wa ziwiya zanga, n'kunyamuka.

Kwawo kwa amuna anga sanandilandire ngati munthu wochita zabwino. Alamu anga aakazi anati ndabwera kudzamaliza zimene abale anga anayamba. Anatipatsa kanyumba ka kumapeto kwa mudzi ndi kamunda kamchenga. Ndipo munthu amene ndinamutsatira sanalinso yemwe uja. Mwana anamuyang'ana kamodzi n'kunena kuti wafanana ndi akwathu. Anali ndi ndodo yaitali yokokera zinthu pafupi, ndipo ndodo imeneyo inkandipeza paliponse m'nyumbamo. Phala likatentha, ndodo. Likazizira, ndodo. Ndikachedwa kuchitsime ankandifunsa kuti ndinaima ndi mwamuna wa ndani. Manja awo anali adakali amphamvu, ndipo ndikawerama kuti ndiwatembenuze ankatha kundigwira tsitsi osandisiya mpaka mwana atalira. Nthawi zina akatero ankalira okha n'kundipempha kuti ndisawasiye. Mawa lake zinkayambiranso.

Chaka chotsatira ndinalima fodya pang'ono, chifukwa sopo ndi nsalu zoyalira wodwala zinkafunika. Panafunika chigafa, ndipo alamu anga aamuna anati ali ndi zawo zoti amange. Amuna anga anati ndimanga ineyo, iwo azindiuza. Ndinawakokera pa mphasa mpaka pamalopo, ndipo anakhala chotsamira mtengo, ndodo ili m'manja.

Malo anasankha okwera, pamene madzi saima, kutali ndi chulu. Anandituma kunkhalango kukafuna muwanga, ndipo ndinkapita ndi mwana kumbuyo, n'kudula, n'kukoka mtengo umodzi pa ulendo. Ankafuna yaifupi, yonenepa, yowongoka, yopanda mfundo yaikulu pakati. Umene sanaukonde ankangoti, "Nkhuni izo," ndipo ndinkabwereranso. Ndinasenda makungwa onse, ndinaisiya iume, kenako ndinawaula matsinde ake pamoto mpaka kuda kuti chiswe chisawakonde. Maenje ndinakumba mpaka dzanja lonse kulowa kufika m'khwapa. Pansi pa dzenje lililonse ndinaika mwala waphanthiphanthi kuti nsanamira isamire, ndinathira phulusa, n'kumabwezera dothi pang'onopang'ono ndikusinja ndi munsi. Ankanditumiza kutali kuti ndikayang'ane ngati yaima chilili, kenako iwonso ankatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana. Ina anandizulitsa nditamaliza kale kusinja, chifukwa inapendama pang'ono. Nditadandaula, ndodo inandipeza m'miyendo.

Nsanamira zinaima moyandikana, ndipo anandimangitsa mitengo yopingasa pakati pake, ina yopendeketsa kuchokera m'tsinde mwa iyi kufika kumutu kwa inayo, kuti pasakhale nsanamira yotha kuthawira mbali payokha. Mtanda uliwonse unayenera kukhala pakati penipeni pa mphanda, ndipo pansi pa mphanda ndinkakulunga luzi kuti isang'ambike. Popachika fodya ankandiyambitsa pakati n'kumapita mbali zonse mofanana, wamuwisi pansi, wouma pamwamba. Mmawa uliwonse ndinkayenera kugogoda tsinde la nsanamira iliyonse iwo akumvetsera, ndi kukanda dothi lililonse limene chiswe chamata. Anandiuzanso kuti mtengo ukadzalira, ndisadzauthandize ndi thupi langa, ndidzatuluke n'kuyamba kutsitsa katundu kuchokera kunja.

Amuna a m'mudzimo ankabwera kudzaonerera mkazi akumanga chigafa. Ankakhala pa chulu cha patali n'kumaseka, ena n'kumafunsa ngati usiku ndimakhalanso ine mwamuna. Amuna anga ankamva zonsezo, ndipo anthuwo akachoka mkwiyo wake unkagwera ine. Chigafacho chinali chachifupi, chosakongola, ndipo palibe wodutsa amene anaimapo kufunsa womanga. Chinasenza fodya wanga bwinobwino.

Zilonda za kumsana ndi m'chiuno, zobwera chifukwa chogona malo amodzi, ndi zimene zinawatenga. Dzinja lachiwiri zinakula mpaka fupa kuonekera, ndipo ntchentche sizinkachoka m'nyumba. Masiku omaliza analibenso mphamvu yonyamula ndodo. Anamwalira masana, ine ndili kumunda, mwana akusewera pafupi ndi mapazi awo. Pamaliro alamu anga aakazi anaimba nyimbo zondinena. Titameta, akulu awo a amuna anga anandiitana n'kundiuza kuti ntchito yanga yatha, mwana ndi wa kwathu, ndipo ndikhoza kubwerera. Chigafa ndi fodya amene anali m'munda anati ndi za m'bale wawo, zitsala.

Ndinabwerera ku Nsaru ndi mtanga womwe uja. Ndinapeza atsibweni ali ndi njinga, ndiponso chigafa chatsopano chachitali, cha muwanga wokhawokha, chokhomedwa ndi misomali, chitaima kumtunda kwa mudzi. Mitengo yake anakasenza kunkhalango ndi mwamuna wa mng'ono wanga, mkamwini watsopano, amenenso anali atalonjezedwa munda wa katondo. Atsibweni anandipatsa moni ndi manja awiri, anapepesa za maliro, ndipo anati, "Popeza ndamva kuti unaphunzira za mitengo, uziyang'anira chiswe m'chigafamo." Ndinkagogoda nsanamira zawo mmawa uliwonse nyengo ya fodya kwa zaka zambiri. Patapita nthawi anandipezera mwamuna wina, wachikulire, wosalankhulalankhula, ndipo ndinakhala naye.

Mwana wanga woyamba uja atsibweni anamukonda kwambiri. Ankamukweza pa njinga kupita naye ku Nsaru, n'kumugulira shuga wa m'kapepala ndi mikanda. Anakula akuwatcha agogo, akuwatengera madzi osamba, akukhala pamiyendo pawo. Za bambo ake ankangodziwa kuti anadwala msana. Nditayesa kumufotokozera atakula, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati agogo sangachite zotero, mwina ndinaona molakwa chifukwa cha utsi.

Atsibweni anakalamba bwino, ali ndi ng'ombe ndi nyumba ya njerwa, ndipo anamwalira ali m'tulo. Maliro awo anali aakulu, anthu anachokera mpaka ku Kabudula ndi ku Mpingu. Ine ndinali kumoto ndi amayi anzanga, tikuphikira alendo. Mwana wanga analira mpaka kukomoka kumanda, ndipo ndinachita kumunyamula ndi anthu ena kubwerera naye kumudzi.